Kuzizira Komwe Simunafikeko

Amalume, lero ndadutsa pa Chinyunyu, ndipo nditaona nthunzi ya madzi otentha aja misozi yangotsika. Ndakumbukira m'ma 1990, mutabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, tikuwiritsa mazira m'madzimo. Munaseka n'kunena kuti, "Ine ntchito yanga ni kufufuza kuzizira, mwanawe. Timaziziritsa mpweya mpaka usanduke madzi. Koma kuli kuzizira komaliza komwe munthu sangafikeko, timayandikira chabe." Nditafunsa amene anaika malirewo, munati, "Yemwe umamugwadira uja."

Kutchalitchi simunkapita, ndipo munatisiya musanalandire masakramenti. Zimenezi zimandisowetsa mtendere, sindibisa. Koma mawu anu aja ndimapita nawo kwa Ambuye popemphera: "Ankakudziwani ameneyu, chonde mutsegulireni."