Makilo Asanu a Amama

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, titatsala awiriwiri ndi amama kwathu ku Uliwa. Adada anali atapeza ntchito yaulonda ku Mzuzu. Amama anali atadwala nthawi yaitali, ataonda ngati phesi, ndipo tsiku lonyamuka adada anandikokera kuseri kwa nyumba. "Ukaona kuti matenda akukula, undilembere kalata. Ndidzabwera tsiku lomwelo."

Pakhomo panali zii. Anzanga anasiya kubwera kudzasewera poti makolo awo ankanong'onezana za matenda a amama. Kumjigo ndinkapita ndekha, kuchigayo ndekha.

Mvula itayamba, thupi la amama linayamba kudzaza. Masaya anabwerera, masilipasi anakana kulowa, chitenje chinkavuta kumanga. Ine chimwemwe chake, eee! Ndinawakakamiza kuti tipite kwa bambo wina wa ku Mangochi, wogula mpunga, amene anali ndi sikelo pakhonde la golosale yake. Amama anapumula katatu panjira, ine ndikungowakoka dzanja. Sikelo inasonyeza makilo asanu pamwamba pa amene analembedwa m'buku lawo la kuchipatala.

"Ndiwalembere adada kuti mwachira?" ndinafunsa titafika kunyumba.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Lemba, mwana wanga."

Ndinalemba kuti amama anenepa, mpaka kudula mzere kunsi kwake. Adada anayankha kuti ngati zili choncho adzabwera pa Isitala.

Patatha milungu itatu amama sankathanso kugona chagada, ankabanika. Kuchipatala namwino anawadina ndi chala pamwendo, ndipo pamene anadinapo panatsala kadzenje kosabwerera.

"Awa ndi madzi, mayi, si mnofu ayi. Mtima watopa. Munali kuti masiku onsewa?"

"Ndinkadziwa," anatero amama motsitsa mawu. "Koma bambo ake akanasiya ntchito, mwanayu akanadya chiyani?"

Kalata yachiwiri imene ndinawalembera adada inachedwa. Adada anafika titaika kale maliro, atanyamula chitenje chatsopano chimene anagula atamva kuti akazi awo anenepa.

Zaka zambiri ndinkadziimba mlandu kuti ndine ndinawatsekereza adada. Lero ndine mayi, ndipo ndadziwa kuti kholo likati lili bwino umafunika kuliyang'anitsitsa kawiri, chifukwa limabisa ululu kuti mwana adye. Ndinawamvetsa amama. Koma kunena zoona, kamkwiyo sikanandithere. Milungu itatu yonse ija iwo ankatsanzika mumtima, ine ndikusangalala ndekha.