Tsiku Lomwe Kompyuta Inafuna Dalaivala

Fungo la dizilo ndi matayala otentha ndimalikumbukira mpaka lero. Kwathu kunali m'mbali mwa msewu wochokera ku Boma la Mchinji kupita ku boda, pomwe mathiraki ankandanda kudikira mapepala, ena mpaka masiku awiri. Madalaivala ankayala makatoni pansi pa magalimoto awo n'kumagona masanasana, zipewa zili kumaso. Ine ndinali Sitandade 6, ndipo amayi ankati ndine mtsikana wa manja oyabwa. Sankanama. Chinthu chikangonyezimira, ndinkamva ngati chikundiitana ndi dzina.

Achimwene anga a Lameki anali atakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizireni maphunziro a zaulimi. Malaya oyera ankawasita sabata iliyonse, koma kowavalira kunalibe. Lolemba lina anaona ntchito m'nyuzipepala yomwe inabwera itakulunga sopo. Kalata ndi masatifiketi zinkayenera kufika ku Lilongwe Lachisanu isanakwane 4 koloko, pamanja kapena pa imelo. Ku Boma kunali sitolo imodzi ya intaneti, koma sabata imeneyo waya wake anali ataduka.

Achimwene sanataye mtima. Kuseri kwa nyumba yathu kunali ofesi ya bungwe lina, ndipo netiweki yawo inkadumpha mpanda n'kufika pansi pa mtengo wathu wa mango. Anabwereka laputopu kwa mnzawo wina mphunzitsi, chilaputopu cholemera ngati njerwa zitatu, chomwe sichinkatha kugwira netiweki pachokha. Pankafunika kachipangizo kobaya m'mbali, kotalika ngati chala. Anatuma a Zulu, dalaivala wa ku Chipata yemwe ankagula mandasi kwa amayi nthawi zonse akamadutsa, ndipo Lachinayi m'mawa kabokosi ka kachipangizoko kanafika.

Tsiku limenelo achimwene anapita ku Boma kukajambulitsa masatifiketi, kabokosi n'kukasiya pa tebulo. Ndinati ndingosuzumira. Pansi pa kachipangizoko panali kachimbale kakang'ono, kokwana m'chikhatho changa, konyezimira mitundu ya utawaleza. Ndinaganiza kuti ndi ka basera, monga mmene ogulitsa tomato amaonjezera mmodzi pamwamba. Ndipo basera, kwa ine, analibe mwini.

Masana amenewo ndinasangalala zedi. Ndinazindikira kuti kachimbaleko kamatunga dzuwa n'kulitaya pomwe wafuna. Ndinayamba ndi tambala wa aneba, yemwe anajompha kuwalako pakhoma mpaka kutopa. Kenako ndinabisala kuseri kwa mulu wa njerwa n'kuyamba madalaivala. Ndinkadikira wina asuntheko chipewa, ine n'kumuthira dzuwa m'diso. A Zulu anadzambatuka mpaka kugunda mutu ku chitsulo cha thiraki yawo, n'kutukwana m'chinyanja cha kwawo. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Pothawa, kachimbale kanagwera pamiyala, ndinakaponda pang'ono, ndinakatola n'kukaika m'thumba la diresi limodzi ndi miyala yanga ya phada.

Lachisanu kunalibe sukulu, aphunzitsi anali ku msonkhano. Achimwene anasamba, n'kukhala pansi pa mango uja, laputopu ili pamiyendo. Anabaya kachipangizo. Kompyuta inalira kamodzi, pagalasi panatuluka mawu a Chingerezi, kanyali ka pa kachipangizoko osayaka. Anazula, anauzira, anabayanso mbali ina. Chimodzimodzi. Dzuwa linakwera, thukuta linayamba kudontha pa mabatani. Amayi, omwe ankakazinga mandasi chapafupi, anafunsa chomwe chavuta.

“Ikuti palibe dalaivala, amayi,” anatero achimwene, manja ali kumutu. “Ndipo kuti ndimupeze pakufunika intaneti, intanetiyo kuti ndiipeze pakufunika dalaivala yemweyo.”

Amayi anaima, chipande chili m'manja. “Dalaivala? Madalaivala adzaza msewu wonsewu, iwe n'kumalira? Mphatso, thamanga ukaitane a Zulu. Ndi amene anakagula, ayendetse okha.”

Achimwene anayesa kufotokoza kuti si munthu, koma amayi akalamula panalibe apilo. Ndinapita monyinyirika, chifukwa mwa anthu onse a pamsewu uja, a Zulu ndiwo sindinkafuna kuonana nawo. Ndinawapeza akumanga malamba a katundu, pachipumi pali chotupa ngati dzira la nkhanga. Ndinagwada mwaulemu kuposa masiku onse.

Anabwera akupukuta manja pa ovolosi. Amayi anawapatsa mpando, n'kuwalozera laputopu ngati akuwaonetsa galimoto yomwe yakana kulira. A Zulu anaseka mpaka kutsokomola.

“Amayi, ine niyendetsa vamatayala chabe. Uyo dalaivala wamene ifuna ankala mu kasidi. Niye aphunzitsa kompyuta kukamba na aka kanthu. Manje kasidi kali kuti? Mu bokosi munali kasidi kang'ono.”

Achimwene anati munalibe kalikonse. Anakhuthula kabokosi, munagwa kapepala kokha. Thumba la diresi linayamba kutentha ngati ndaikamo khala la moto. A Zulu anasisita chotupa chawo pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

“Ine uyo dalaivala n'namuona dzulo,” anatero. “Anali kuyenda na dzuwa kuseri kwa njerwa. Si tero, mwana wanga?”

Ndinatulutsa kachimbale pamodzi ndi miyala iwiri ya phada. Kanali ndi mizere ngati panadutsa nkhuku. Amayi anayamba kuyang'ana nthambi za mango ndi diso lomwe ndinkalidziwa bwino. Koma chomwe chinandipweteka ndi achimwene. Sanakalipe. Anangotenga kachimbaleko m'manja mwanga, ndipo ndinachita manyazi omwe ndinali ndisanachitepo.

Tinakapaka mankhwala otsukira mano, tinakapukuta ndi nsonga ya chitenje, achimwene n'kukalowetsa. Laputopu inang'ung'udza, kamzere kobiriwira kanayenda kufika pakati n'kuima. Tinayesa kachiwiri, kachitatu. Pomwepo. Nthawi inali itadutsa 12 koloko. Minibasi ya ku Lilongwe inalipo ku Boma, koma aliyense ankadziwa kuti sinyamuka mpando umodzi uli wopanda munthu, ngakhale mpaka 2 koloko.

A Zulu anadzuka n'kuvala chipewa. “Mapepala yanga yatuluka kuseni, m'mawa uno. Ninyamuka manje manje. Vala malaya, mwana, tenga masatifiketi yako. Tizapeleka pamanja.”

Amayi anawomba m'manja, nkhani ya nthambi n'kuiwalika. “Nanga ine ndimati chiyani? Kompyutayo yanena yokha kuti ikufuna dalaivala. Ophunziranu mumangotsutsa zilizonse!” Mawu amenewa anawabwereza kwa zaka zambiri, ku mpingo ndi kumsika komwe, ndipo palibe anakwanitsa kuwasintha maganizo.

Achimwene anakwera thiraki, envulopu ili pachifuwa, mandasi otentha ali m'jumbo. Anatiuza pambuyo pake kuti a Zulu sanaime ngakhale pa Kamwendo pomwe ankakonda kumwa tiyi, ndipo kalata inalandiridwa mlonda atagwira kale loko wa geti.

Masiku ano ndimagwira ntchito pa kompyuta tsiku lonse. Ukabaya kachipangizo, dalaivala amadzipeza yekha usanakhale n'komwe pansi, ndipo ana a kwathu kuja amatumiza kalata za ntchito pafoni ali pa kabaza. Palibe amene akufunika kukwera thiraki. N'zabwino, sindikutsutsa. Koma ine ndimadziwa chomwe thiraki ija inanyamula. Anthu a ntchitowo, poona kuti munthu wabwera yekha kuchokera ku boda, anawauza achimwene kuti agone konko aonane nawo Lolemba, ndipo anawalemba. Katundu wawo tinachita kutumiza. Sanakhalenso pakhomo pathu, koma kubwera pa Khirisimasi ngati mlendo. Anthu onse ankandiseka kuti kuba kwanga kwabala ntchito, ine n'kumaseka nawo. Koma tsiku lomwe amayi anandiuza kuti ndisamukire m'chipinda cha achimwene popeza tsopano n'changa, ndinakhala pa bedi lawo n'kulira kuposa mmene ndikanalirira ndi chikwapu.