Mwala Umene Ndinkachapirapo Malaya a Amuna Anga

Ndikafotokoza nkhani iyi ena amati ndikukokomeza, koma ine ndine mayi wa kumpingo, imvi zayamba kale, ndinamizirenji anthu? Zinandichitikira ineyo, masana dzuwa likuswa mtengo, anansi akuona.

Tinkakhala ku Chinsapo nkhondo ya ku Mozambique isanathe, ndipo amuna anga ankayendetsa thiraki pa msewu wa ku Tete, kumene munthu ankapita atatsanzika ngati sadzabweranso. Ine vuto langa linali laling'ono, ndinalibe mwala wochapirapo. Ndinkabwereka wa mayi wina woyandikana naye, wapakamwa kwabasi, amene ankandiyang'ana ngati ndikumudyera mwalawo. Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndinaona chisimenti chafulati chitagwera m'ngalande m'mbali mwa msewu, galeda itangodutsa kumene. Ndinabwereka wilibala n'kuchikankha ndekha mpaka kunyumba, mtima uli mbee kuti lero ndatola.

Mbali imodzi inali ndi timizere tokumbika todzaza dothi, ndipo ndisaname, ndinaona kuti ndi zilembo, koma ndani amaima n'kumawerenga mwala? Chimene chinandisangalatsa n'chakuti timizereto tinkachotsa litsiro la m'kolala kuposa bulashi.

Masiku amenewo bambo a kunyumba anali paulendo, atanena kuti atha sabata imodzi, koma inakwana yachiwiri kuli zii. Loweruka ndinachapa malaya awo oyera a kutchalitchi kuti akafika awapeze, ndipo ndinawasiya onyowa pamwalapo ndikukaphula nyemba zimene zinkapserera. Pobwera kudzayanika, ndinaona kuti kumsana kwa malayawo kwadindika zilembo zofiira. Ndinathira madzi pamwala paja n'kuwerenga koyamba. Panalembedwa kuti pamenepo panali mudzi, ndipo kuseri kwa mitengo kukugona eni ake. M'munsi munali mayina, lililonse ndi kamtanda kake, ndipo lachitatu linali dzina la amuna anga lenileni.

Abale, dzinalo n'lofala, ndikudziwa, koma tayesani kuuza zimenezo mkazi amene mwamuna wake wasowa pa msewu wa zipolopolo. Ndinavundikira mwalawo ndi chiguduli osauza munthu, pakuti ndikanayamba bwanji, mayi woimba kwaya kuba mwala wa akufa? Lamulungu ndinakhala m'tchalitchi osamva liwu ndi limodzi lomwe.

Lolemba masana ndinamva mapazi ambiri akuima pampanda. Nditasuzumira ndinaona amuna atanyamula makasu ndi zikwanje, amayi ali pambuyo, onse ali chete. Inu mukudziwa kuti amuna akayenda gulu ndi makasu osalankhula, ndiye kuti kwinakwake kukumbidwa manda. Ndinadziwa kuti zatha, abwera kudzandiuza. Ndinakuwa, ndinadzigwetsa pansi ndikuitana amuna anga, ndipo mayi wapakamwa uja, Mulungu amudalitse, anathamanga kudzandigwira nayenso akulira, asakudziwa n'komwe kuti tikulira ndani.

Mayi wina wokalamba, woyenda ndi ndodo, anandidzutsa n'kundifunsa kuti wamwalira ndani. Nditayankha kuti iwowo ndiwo andiuze za amuna anga ndi thiraki yawo, anthu aja anayang'anana. Pamenepo bambo wina wachikulire anavula chipewa n'kufotokoza kuti iwo sakudziwa za thiraki iliyonse. Anati ndi anthu a mudzi umene unasamutsidwa pomanga mzinda, anakakhala kupitirira kwa Njewa, ndipo chaka chilichonse akakolola amabwera kudzalambula manda a makolo awo. Mwalawo anaumba okha, mayina n'kulemba ndi msomali simenti isanaume. Chaka chimenecho anapeza mwala palibe, ndipo pamanda pomwepo wina anali atakhoma kale zikhomo za mapuloti, ati ndi tchire chabe popeza palibe chizindikiro. Amayi a pampopi ndiwo anawalozera kwa mkazi wa wilibala.

Mantha a imfa atachoka, anabwera mantha a makasu aja, ndinati lero andiphwanya. Ndinavundukula chiguduli chija. Mayi wokalamba uja anagwada, n'kuyendetsa chala molunjika pa dzina lachitatu, ngakhale anandiuza pambuyo pake kuti sukulu sanapiteko, amangodziwa malo ake. Anati amenewo ndi amuna awo, ndipo chilembereni sanaonepo zilembozo zikuwala chonchi. Kenaka anaseka, nati malemuwo ali moyo ankathawa madzi ngati mbuzi, ndiye onani lero akusamba ndi sopo tsiku ndi tsiku. Anthu onse anaphulika kuseka, ine ndikulira ndi manyazi.

Wilibala ndinakankha ndekha kubwerera, ndipo ndinakana kundilandira. Tinaimika mwalawo dzuwa litapendeka, amuna anazula zikhomo zija n'kuziunjika pamsewu kuti mwini wake adzazione, ine ndinapempha khasu n'kulambula nawo.

Lachitatu amuna anga anatulukira, akuda ndi fumbi, ataonda, koma amoyo. Anati thiraki inafera kutchire pafupi ndi malire, amakaniko anailephera masiku onsewo, kenaka Lolemba inangolira yokha. Ndinafunsa kuti nthawi yanji, iwo anati dzuwa litapendeka, ndipo anadabwa kuona ndikukhala pansi.

Mpaka lero iwo amati linali vuto la paipi ya dizilo, ndipo sinditsutsana nawo, za magalimoto amadziwa ndi iwo. Sindinena kuti akufa anagwira thiraki. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti anthu ogona pansi aja analibe wowalankhulira koma mwala umenewo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuwamangitsira zimbudzi pamutu chifukwa cha makolala. Mandawo alipobe, nyumba zinawazungulira koma palibe inalowamo, ndipo ana a sukulu amaima kuwerenga mayinawo.

Choncho anzanga, mukaona mwala wolembedwa m'mbali mwa msewu, ngakhale utagwa, ngakhale utakongola bwanji kuchapirapo, thirani madzi muwerenge kaye, kenaka muuimike. Mayi wokalamba uja anatsikira kuli chete kalekale, ndipo dzina lake analiwonjezera m'munsi. Chaka chilichonse anthu aja akabwera ndi makasu, amandipeza ndafika kale ndi sopo ndi bulashi, ndikuwasambitsa awiri onsewo.