Chigumu cha pa Chilumba

Mlongo wanga Goliati ndi munthu wamfupi zedi, ndipo makolo athu amene anamupatsa dzinali anamwalira asanaone kuti analakwitsa. Ine ndine Clementina, mkulu wake, choncho ufulu womunena ndili nawo. Anabadwira ku Utale, sukulu anaithawa chifukwa cha masamu, ndipo atayesa kulima thonje, kuumba njerwa ndi kugulitsa mbewa, anapeza ntchito yomuyenera, ya kabaza. Pa siteji ya njinga ku Ulongwe panalibe wosamudziwa. Popalasa matako sankafika pa chishalo, ankangovinira pa mapedulo uku ndi uku, komabe ananyamulapo amayi oyembekezera, matumba a feteleza, mbuzi, ngakhalenso bokosi la maliro.

Vuto lake ndi matama. Goliati sangavomere kuti watopa, wadwala kapena alibe. Akagwa ndi njinga amadzuka n'kunena kuti amayesa mabuleki.

Chaka cha 2002, njala ija itafika poti anthu akukumba mizu ya nthochi, okwera kabaza atasowa chifukwa aliyense ankayenda wapansi, ndi pamene mlongo wangayu anaona kuti nthawi yokwatira yakwana. Maso ake anagwera pa Matilda, namfedwa wa kwa Kalembo, mayi wamtali wa ana atatu amene ankagulitsa tomato asanadye mpamba wake. Anamufunsira mwaulemu. Yankho linali lakuti, "Ndiganize kaye, a Goliati." Mwezi unatha Matilda akuganizabe, ndipo mlongo wanga anayamba kuonda mbali ziwiri, njala uku chikondi uku. Ankamufunadi mayiyo, zimenezo sindingamunamizire.

M'mutu mwake anatsimikiza kuti Matilda akukayika ngati kamunthu kotere kangadyetse banja. Ndiye anafuna kumuonetsa kuti kwa Goliati njala imangodutsa pamsewu. Pa mtsinje wa Shire, kumunsi kwa mudzi wa Matilda, panali kachilumba kamene mkulu wina wopuma ntchito ya za nkhalango anadzalapo mitengo ndi maluwa ochokera kutali, mtengo uliwonse uli ndi kachitsulo kolembapo dzina lake. Alendo ankapitako kukangoona basi, n'kudya kamba wawo pa udzu. Goliati anawanyamulirapo zikwama mpaka padoko, ndiye ankadziona ngati katswiri wa maulendo oterowo.

Loweruka madzulo anandipeza ndi kathumba ka ufa kamene analandira pa ganyu wopalira.

"Achemwali, mundiphikire chigumu. Mawa tikupita kokayenda ku chilumba ndi a Matilda."

"Kokayenda? Iwe, mutu wako ukukoka bwinobwino? Ufa uwu ndi phala la masiku angapo!"

"Ine ndimadya bwino, achemwali, musandidere nkhawa."

Ndinakwiya, koma ndinaphika. Ndinathiramo nthochi zakupsa zimene ndinkabisira adzukulu anga, ndipo fungo litadzaza khitchini ndinatuluka panja kuti ndisachimwe. Chigumu chimenecho sindinalaweko ngakhale nyenyeswa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa Ismail, msodzi amene anawaolotsa pa bwato lake, munthu wosatha kusunga chinsinsi, ndipo zotsalazo eni ake anavomera pambuyo pake. Goliati anafika padoko atavala jekete lobwereka kwa akatekisiti, manja ake obisa zala. Matilda anali pa kaliyala, chigumu chili m'kansalu pamiyendo pake. M'bwato mlongo wanga ankaloza mvuu ngati ziweto zake, koma imodzi itapuma pafupi anagwira chitenje cha Matilda n'kunena kuti akumuteteza.

Pachilumbapo panali pokongoladi. Kunja konse kunali kofiira ndi chimanga chopserera, koma apo panali mthunzi wozizira, maluwa ofiira ndi achikasu akulendewera, mbalame zikuimba ngati sizinamve kuti m'dziko muli njala. Goliati anayamba ntchito yake. Ankaima pa mtengo uliwonse, n'kuwerama pa kachitsulo, n'kutchula dzina limene ngakhale mwini munda sakanalizindikira.

"Uwu unachokera ku India," anatero.

"Umadyedwa?" anafunsa Matilda.

"Iyayi, ndi wongoona."

"Nanga uwo wa zipatso zonenepawo?"

"Umenewonso ndi wongoona."

Matilda anapukusa mutu. "Munthu kukhala ndi madzi onsewa n'kudzala zongoona. Koma anthu ena Mulungu adzawafunsa."

Dzuwa litafika pamutu anayala kansalu pansi pa mtengo waukulu, chigumu n'kukhala pakati pawo. Apa ndi pamene zinthu zinavuta. Kwathu kuno mkazi wofunsiridwa sadya pamaso pa womufunsira ngati wachokera kundende, amayamba wakana kaye. Ndiye Matilda anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Idyani inu, ine ndadya kale kunyumba."

Mwamuna wanzeru akanakakamiza, akananyema n'kumuika m'manja. Koma uyu ndi Goliati. Anaona kuti akangoyamba kudya, liwiro lake limuulula. Anasisita mimba n'kunena kuti, "Inenso ndakhuta kwambiri. Mmawa ndinadya mpunga wa nyama, mpaka wina ndasiyira galu."

Galu amene analibe! Anakhala choncho anthu awiri akuluakulu, mimba zikulira mosinthana ngati achule a m'dambo, aliyense akutsokomola kuti abise phokoso la yake. Goliati ankakamba za mitengo ya ku India. Matilda ankavomera, maso ali pa chigumu. Ismail akuti anali chapatali akusoka ukonde, malovu akumeza, akupempha Mulungu kuti mmodzi mwa awiriwo apeze nzeru.

Amene anapeza nzeru anali pusi. Anatsika mumtengomo mosafulumira, anayang'ana Goliati, anayang'ana Matilda, ataona kuti onse ndi okhuta ananyamula chigumu chonse n'kukwera nacho.

Goliati anayesa kuseka. "Musadandaule, a Matilda, kunyumba ziliko zambiri."

Koma Matilda anali atadzuka kale. Anataya ulemu wonse, anathamangira pansi pa mtengo akugenda ndi zibuma, ndi nsapato yake, akukuwa mawu amene sindingalembe pano. Kenako anangokhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa.

"Ana anga," anatero. "Ndimati tikapanda kudya mundiuza kuti nditenge. Ndawauza kuti adikire, amayi abwera ndi chigumu. Chilawire dzulo mmawa."

Mlongo wanga ali ndi zofooka zambiri, koma mtima wake si wouma. Anavula jekete la akatekisiti, analavulira m'manja, n'kuyamba kukwera mtengo uja kutsatira pusi. Anafika pa nthambi yoyamba. Ali pomwepo maso anachita mdima, manja anamasuka, ndipo anagwa chagada m'maluwa a eni ake, miyendo m'mwamba.

Ismail anathamanga ndi madzi m'chipewa n'kumuthira kumaso. Anamutsegula chikope, anamugwira pamimba, n'kuyang'ana Matilda. "Wallahi, mayi, apa palibe mpunga wa nyama. Iyi ndi sala, njala yeniyeni. Amwenewa m'mimba mulibe kanthu ngati ng'oma."

Atatsitsimuka, Goliati anafuna kunena kuti amangopumula, koma Matilda anamuyang'ana diso limene linamutseka pakamwa.

"Mwadya liti komaliza?"

"Lachinayi," anayankha motsitsa mawu. "Ufa unali womwewo."

Sanakambenso za India. Ismail anawalozera m'mphepete mwa chilumba mmene munali nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene anthu amadya zikavuta. Matilda anakwinya chitenje n'kulowa m'matope, Ismail ataima ndi nkhafi kuyang'anira ng'ona. Goliati anakana kukhala pamthunzi. Analowa nawo, madzi omufika Matilda m'mawondo iye akumufika m'chiuno, ndipo ankazula kamodzi n'kupuma, kuzula kamodzi n'kupuma, mpaka jekete la akatekisiti linadzaza n'kumangidwa ngati thumba.

Ataoloka, anakwera njinga kuti amubweze mayiyo kwawo. Anapalasa kufika pa kachitunda koyamba, miyendo n'kukana. Njinga inayamba kubwerera m'mbuyo.

"Tsikani," anatero Matilda.

Anamanga nyika kutsogolo, anakwera pa chishalo, n'kuloza kaliyala. Goliati anayang'ana uku ndi uku. Msewu umenewo umadutsa pamene anzake a kabaza amakhala podikira anthu, ndipo ankadziwa kuti adzamuimba mpaka kumanda. Anakwera. Anyamata aja atawaona anaimirira onse, malikhweru, kuwomba m'manja, wina mpaka kugubuduka pansi: Goliati wa ku Ulongwe, matope mpaka m'khosi, timiyendo tikulendewera, wanyamulidwa ndi mzimayi!

Iye anaweramitsa mutu kumsana kwa Matilda. Ankadziwa kuti zake zada. Mkazi waona zonse, bodza, njala, kugwa mumtengo. Komabe atadutsa anthu aja, pamene msewu unatsetsereka kulowera kumudzi, analimba mtima kuti angomva n'kukagona.

"A Matilda, ndiye mawu anga aja basi, eti?"

Matilda sanacheuke. Anangowonjezera liwiro, chifukwa ana anali akudikira.

"Gwirani m'chiuno zolimba, bambo, mungagwe," anatero. "Ine mphamvu zoika mwamuna wachiwiri m'manda ndilibe."