Khosi la ng'ombe yakuda

Nditakwatira ku Chiosya ndinakakhala kwawo kwa mkazi, monga mwa mwambo. Ndinapitako ndi sutikesi, wailesi, ngolo ndi ng'ombe ziwiri, yakuda ndi yofiira. Anandilandira bwino kwambiri. Panapita nthawi ndisanazindikire kuti yomwe ankailandira inali ngoloyo.

Mkamwini sakana. Palibe anandiuza zimenezi, ndinangozidziwa ndekha. Munthu akabwera kudzabwereka ngolo ndinkayankha kuti "tiona," iye n'kumva kuti "tengani." M'mawa ndinkapeza khola lili pululu. Ng'ombe zanga zinatuta chimanga cha mudzi wonse, mtedza, mabelo a fodya, ndi njerwa za tchalitchi chomwe sindipempherako. Tsiku lina zinakatenga mipando ya ukwati womwe ine sanandiitane.

Chaka china, mvula ili pafupi, goli linanyula khosi la yakuda ija. Bala lake linali lalikulu ngati chikhatho, ntchentche osachokapo. Alangizi a ziweto anathirapo mankhwala n'kundiuza kuti ikavalanso goli bala lisanapole, ndiiwale zolimira, yasanduka ndiwo. Ng'ombe imeneyi ndinailera kuyambira ili thole. Ndinkaikonda, ndipo munda wanga unkadalira iyoyo.

Mawa lake kunabwera amalume a mkazi wanga, eni mbumba, omwe anandipatsa malo a nyumba ndi munda womwe. Anakhala pampando n'kufunsa za ana, za mbewu, ndi za chifuwa changa chomwe chinatha kalekale. Kenako anati, "Akamwini, tili ndi timchenga pang'ono kudamboku. Timaulendo towerengeka basi."

"Tiona" uja anali atafika kale pamilomo. Ndinamumeza.

"Ayi, amalume. Ng'ombe ili ndi bala, siipita."

"Aa, ikhoza kumayenda pang'onopang'ono."

"Siipita, amalume."

Ndinachita mantha, sindinama. M'mutu ndinali nditayamba kale kulongedza sutikesi ija. Mkazi wanga anali pakhonde akuswa mtedza, ndipo anangopitiriza kuswa.

Amalume anayang'ana kukhola, kenako anayang'ana ine. "Chabwino," anatero. Anatsanzika bwinobwino n'kulunjika kunyumba kwa mwana wawo wamwamuna. Posakhalitsa panjira panadutsa ngolo yobiriwira, penti ikadali waliwali, ikukokedwa ndi ng'ombe zonenepa. Ngolo imeneyo ndinkaidziwa. Zaka zonsezi inkangokhala pansi pa chigafa, ine n'kumayesa inawonongeka.

"Aikonza liti?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Siinawonongekepo. Amaisunga kuti matayala asathe."

"Nanga inu osandiuza bwanji?"

"Ndimayesa mumakonda kubwereketsa, bambo."

Ndinakhala pansi kudikira kuti mtima uyambe kunditsutsa chifukwa chokaniza eni mudzi. Sunanditsutse. Chomwe chinabwera ndi mkwiyo, kenako njala. Nditadya ndinapita kukhola kukaingitsa ntchentche.

Palibe anandithamangitsa. Ena anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi, moni wake uja wothera pa ngolo, ndipo sindinadwale nazo. Ndimabwereketsabe pakagwa maliro kapena matenda, ndi pamene ndafuna ine. Mvula itagwa, yakuda inali itapola, ndipo chaka chimenecho inayamba kulima munda wanga isanapite kwa wina aliyense.

Pakhosi pake panatsala chipsera pomwe sipamera bweya. Mlendo akakhala pampando n'kuyamba kufunsa za chifuwa changa, ndimayang'ana pamenepo ndisanayankhe.