Ndinatenga Penshoni Nthawi Isanakwane

Kampani ya fodya ku Kanengo itachepetsa alonda, ndinauza mkazi wanga NaPhiri kuti ndikupita ku Dubai. Sindinamufunse maganizo. Penshoni ya zaka zanga zonse za ulonda ndinaisiya osaikhudza, kuti idzandithandize ndikadzakalamba.

Ku Al Qusais tinkagona amuna asanu ndi mmodzi m'chipinda cha kampani. Ntchito inali kuima pageti maola khumi ndi awiri. Tsiku linkatha osamva munthu akutchula dzina langa, koma "yalla" basi, mawu achiarabu akuti "fulumira". Mwezi ukatha ndinkapita ku Deira kukatumiza ndalama. Ana anaphunzira. Nyumba imene ndikukhalamo lero ku Mponela inafoleredwa ndi malata. Kumudzi kukagwa maliro ndinkatumiza chipepeso choposa cha wina aliyense, n'kumaganiza kuti mbali yanga ndachita.

Chaka chachisanu ndi chitatu mng'ono wanga Yohane anamwalira. Ndinatumiza ya bokosi. Ataikidwa, NaPhiri anandiimbira.

"Adzukulu anafika kumanda dzuwa lili pamutu," anatero. "Akuti inu maliro mumayenda pafoni. Akuti tsiku lanu likadzafika, idzakumbe foniyo."

"Ndalama sanaione?"

"Anaiona, bambo a Chikondi. Inu ndi amene sanakuoneni."

Kampani inkafuna ndisaine kontirakiti ina. Mnzanga wa ku Chipata, amene ankagona bedi la pamwamba panga, anati, "Mudala, pirirani zaka zisanu, penshoni ikhwime. Mukaitapa lero muidya yosapsa." Ndinamuyankha kuti zaka zisanu zikadzatha msana wanga sudzanyamulanso piki yokumbira manda.

Ndinabwerera. Ku ofesi ya penshoni ku Lilongwe kalaliki anandichenjeza kawiri kuti ndalama ituluka yochepa, ndipo ikatha sikudzakhalanso ina. Ndinasaina. Ndinaphatikiza ndi imene anandipatsa ku Dubai posiya ntchito, n'kugula chigayo chaching'ono. Sichilemeretsa munthu, koma mpaka lero sitinagonepo ndi njala, ndipo palibe amandiuza nthawi yoima ndi yokhala.

Maliro oyamba nditafika anali a mayi wina amene sindinkamudziwa bwino. Ndinalawirira kumanda ndi khasu langa. Gelesomu, mkulu wa adzukulu, amene tinkaweta naye mbuzi tili ana, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abwana a ku Dubai, mipando ili kusiwa uko. Kuno mudetsa nsapato."

Ndinavula nsapatozo n'kulowa m'dzenje. Ndinakumba mpaka matuza anaphulika m'manja. Palibe amene anandiyamikira, palibenso anafunsa za ku Dubai. Tikusamba m'manja, Gelesomu analankhula akuyang'ana kumbali.

"Loweruka tikulambula njira ya kumanda. Musachedwe, a Banda."

Kwathu kuno munthu samuuza kuti wakhululukidwa, amangomupatsa tsiku la ntchito. Loweruka ndinafika Gelesomu asanafike.