Zala Zinayi Pamwamba pa Tayala

Chaka chimene ndinasiya uphunzitsi n'kuyamba kunyamula thonje la anthu ku Chikweo, ndinagula pikapu yakale ya mtundu woyenda m'thengo. Inali yamphamvu, koma matayala ake anali aang'ono, ndipo mvula ikagwa inkakhazika mimba m'matope a makande ngati ng'ombe yolefuka. Chaka chomwecho mkazi wanga anali woyembekezera. Anamwino anatichenjeza kuti mwana sanagone bwino, choncho asadzayese kuchirira kumudzi. Masiku ake ankagwera pakati pa dzinja.

Ku Balaka ndinapeza matayala akuluakulu anayi okha, popanda la sipeya. Titawamanga, ankakhula madigadi, zitsulo zophimba matayala zija. Ndinapita nayo ku Nkaya kwa mmisiri wowotcherera zitsulo, Msilamu wa ndevu zoyera, wosafulumira pa chilichonse. Analemba mzere ndi choko pa madigadiwo, naphimba paipi ya petulo ndi saka lonyowa, nayamba kudula. Moto utayamba kuthetheka pafupi ndi thanki, ndinabwerera m'mbuyo mpaka pamtengo wa mango.

"Eni ake mukathawa, ine nditsalirenji?" anatero akuseka.

Atamaliza, analowetsa dzanja pamwamba pa tayala lililonse. Zala zinayi zinalowa. Linali Lachisanu, ndipo nthawi ya swala inali itakwana.

"Dikirani, aphunzitsi, ndibwere kumzikiti tidzapinde m'mphepetemu. Chitsulo chongodula kumene ndi mpeni."

Ndinayang'ana mitambo yakuda kum'mawa, ndinaganiza za mkazi wanga, ndipo sindinadikire. Sindinaganizenso kuti zala zinayizo tinaziyeza galimoto ili yopanda kanthu.

Matenda anayamba m'mawa wina, mvula itagwa masiku atatu. Kwathu kuno mkazi sapita yekha kukachira. Anakwera apongozi anga, akulu awo, azakhali awiri, thumba la ufa, mitolo ya nkhuni, mapoto ndi ndowa. Ine ndinali mkamwini, womanga nyumba pamalo pawo, ndipo chikwatirire ndinali ndisanawayang'anepo apongozi kumaso. Ndinaona galimoto ikutsika kumbuyo, koma pakamwa panga panalemera.

Tili pakati pa dambo ndinamva kulira kwachilendo: kwee, kwee, pa dzenje lililonse. Ndinaimitsa. Chitsulo chodulacho chinali chitakhala pa tayala lakumbuyo, chikulisenda ngati chinangwa. Zinyenyeswa za labala zinali zitamatirira m'matope, ndipo ngakhale chala chimodzi sichinalowe. Tayalalo likanaphulika pamenepo, panalibe lina, panalibenso galimoto imene ikanadutsa njirayo mpaka matope atauma. Kutsogolo mkazi wanga ankabuula, ataluma nsalu yake.

Ndinanjuta m'matopemo, n'kuomba m'manja, maso ali pansi.

"Amayi, galimoto yalemedwa. Chitsulo chikudya tayala. Tikapitirira chonchi sitifika."

"Aa! Ndiye akamwini akutitsitsa?" anakuwa akulu awo aja. "Pa mwana wathuwathu? Mwamva, anthuni?"

Ndinkangomva madontho akugwa m'ndowa.

"Ikapepuka ifika?" anafunsa apongozi, osati kwa ine, koma ngati akufunsa mphepo.

"Sindikudziwa, amayi."

"Iyayi, ndiye tisatayenso nthawi. Inu achemwali, ndinu owonda ngati bango, pakamwa pokha ndiye polemera. Khalani kutsogolo mumugwire mwanayo. Enafe miyendo tili nayo."

Anatsika ndi katundu yense. Galimoto inadzuka pang'ono, ndipo zala ziwiri zinalowa. Ndinatola mwala n'kupinda m'mphepete mwa chitsulo mmene ndikanathera, mpaka dzanja linachucha magazi. Kenaka ndinayendetsa ngati wanyamula mazira, zenera lili lotsekula, khutu lili kumbuyo. Dzenje lililonse ndinkalilowa ndikupemphera, ndipo chitsulo chikakhudzanso tayala, ndinkachepetsanso liwiro. Akulu aja, amene anandinyoza, tsopano ankangonong'ona kuti, "Pang'onopang'ono, bambo, pang'onopang'ono."

Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka, mawaya a tayala ali poyera. Mkazi wanga anamutengera kukachitidwa opaleshoni nthawi yomweyo.

Apongozi anafika mawa lake masana, matope mpaka m'mawondo, thumba la ufa lili pamutu. Anaima chapatali, atandifulatira monga mwa mwambo.

"Ali moyo?"

"Onse awiri, amayi. Ndi wamkazi."

Anatula thumba lija, nakhala pansi pomwepo, panjira ya anthu, ndipo panapita nthawi yaitali asanadzuke.